Chaka Chimene Makasu Anavota

Khasu la amayi linali litadyeka mpaka kufanana ndi supuni. Sindikuwonjezera. Mlendo wina analitola pakhonde n'kufunsa ngati tili ndi shuga. Koma khasu lomwelo linaponya voti kwathu ku Kaphuka, ine ndili kamtsikana ka kupulayimale.

Madimba onse a mbatatesi ankamwa ngalande imodzi yochokera kuphiri, ndipo wotsegula ndi kutseka madziwo anali wapampando wosankhidwa chaka ndi chaka. Mpandowo unali utazolowera amalume, mlongo wawo wa amayi. Madzi ankayambira kwa anzawo a kumtunda. Pofika dimba lathu la kumunsi ankakhala atatsala ongonyowetsa chala. Chule wa m'dimbamo ndinamuona ndi maso angawa akusamuka, katundu ali pamutu. Mbatatesi zathu zinkafota, ndipo ndizo zinkatidyetsa.

Kasankhidwe kake kanali kotere. Ofuna mpando ankaima pabwalo la sukulu, mwamuna aliyense n'kukakhoma khasu pansi kumbuyo kwa amene wamufuna, aphunzitsi n'kuwerenga makasuwo. Akazi ankakhala chapatali paudzu, kudikira kuuzidwa. Lero ndimadabwa kuti panalibe wofunsa kuti masiku ena onse a chaka makasuwo ankakhala m'manja mwa yani.

Aphunzitsi omwewo anatiuza m'kalasi kuti ku Mangalande, m'zaka za m'ma 1800, akazi ankasonkhanitsa mayina kupempha nyumba ya malamulo kuti nawonso azivota. Amuna ankangoseka, ndipo ambiri mwa akaziwo anakalamba n'kumwalira asanavote. Ndinakazifotokoza kunyumba ngati nkhani yoseketsa. Amayi sanaseke. Anasiya kusenda mbatatesi n'kundiyang'ana.

"Ankapempha? Makasu analibe?"

Tsiku la chisankho linagwa mu Juni. Amene sanagonepo ku Dedza sadziwa chisanu. Mawu ankauma akangotuluka pakamwa, moti moni wa m'mawa tinkaumva masana dzuwa litawusungunula. Ndikulumbira. M'mawa umenewo abambo anazungulira nyumba, anasuzumira m'khola, anafunsa ngakhale galu. Khasu kunalibe. Mudzi wonse zinali chimodzimodzi. Amuna anafika pabwalo chimanjamanja, zala zili m'khwapa, aliyense akunamizira kuti lake aliiwala dala.

Kenako tinamva mapazi m'nkhungu. Akazi a m'mudzi anatulukira mmodzimmodzi, mabulangete kumapewa, ana kumbuyo, makasu ali paphewa, zitsulo zikudontha mame. Sanaimbe. Akazi a kwathu ankaimba pamtondo, pamaliro, ngakhale pokangana, koma tsiku limenelo anangoti zii. Ngakhale akhwangwala a pa denga la sukulu anatseka pakamwa. Kutsogolo kunali amayi. Ndinkawadziwa ngati munthu wamfupi, wosowa m'chimanga cha mu Januwale, koma apa ndinachita kukweza khosi.

"Achemwali," anatero amalume motsitsa mawu, "khasulo apatseni alamu."

Amayi anagwada, monga mwa ulemu wake, natambasula dzanja. "Achimwene, matuza a khasuli ali m'dzanja muno."

Anadzuka, anawadutsa mlongo wawo, n'kukakhoma kakhasu kawo kumbuyo kwa mkulu wina wa madimba a kumunsi. Ena onse anatsatira. Nthaka inanjenjemera mpaka belu la sukulu linalira lokha. Amuna anatembenukira kwa aphunzitsi kuti aletse zimenezi, abambo akuonerera mitambo ngati aiona koyamba. Aphunzitsi anakonza tayi.

"Ine ndinauzidwa kuwerenga makasu," anatero, n'kuyamba kuwerenga.

Sabata yomweyo madzi anafika m'dimba lathu, ozizira opweteka mano, akukankha masamba ouma. Mbatatesi za chaka chimenecho imodzi tinkanyamula awiri.

Amalume sanapondenso pakhomo pathu. Iwo ndiwo anali eni mbumba, okamba za maukwati athu, oyamba kuuzidwa wina akadwala, koma ine ndinkangodziwa kuti ankabwera ndi masiwiti m'thumba la jekete. Mvula inagwa, chimanga chinacha, osabwera. Tikakumana panjira ya ku Mayani, amayi ankapatuka n'kugwada, iwo n'kudutsa ngati adutsa chitsa.

Tsiku lina ndinawakalipira amayi kuti andiphera masiwiti. Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso atafiira, n'kunena kuti ndi utsi. Tinali kudimba, ndipo panalibe moto. Ine ndinakhulupirira.