Mbalame Imene Sanailembe Kuti Inatha

Lachiwiri lapitali, kunyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito ku Maryhill, kuno ku Glasgow, mkulu wina wa konkuno anandipempha kuti ndimuwerengere buku lake la mbalame. Maso ake anafooka. Anandilozera chinkhwe chachikulu chabuluu wotuwirako, mtundu wa makawu, cha ku South America.

Pansi pa chithunzicho panalembedwa kuti mbalameyi ili m'gulu la zotsala pang'ono kutheratu, ndipo mwina inatha kale. Papita zaka zambiri osaoneka.

"Bwanji osangolemba kuti inatha?" ndinafunsa.

"Ukalemba choncho, anthu amasiya kuyang'ana m'mitengo," anatero.

Ndinadzuka n'kukamupangira tiyi amene sanapemphe, kuti asaone nkhope yanga.

Mayi anga anamwalira ndili wakhanda. Bambo anapita ku Joni, makalata anasiya kubwera, kenako kunamveka zoti anafera konko. Palibe anaona mtembo. Abale atabwera ndi lezala kuti timete monga timachitira pamaliro, agogo amene ankandilera, mayi awo a bambo, anaphimba mutu wanga ndi manja awiri.

"Anamuika m'manda ndani? Tsitsi la mwanayu lisiyeni."

Kusukulu anandilemba wamasiye. Kunyumba, mbale ya bambo inkatsukidwabe.

Agogowo anatisiya kalekale. Sabata yatha azakhali anandiimbira foni kuti tikumanga chiliza cha agogowo, ndipo akufuna dzina la bambo lilembedwe pomwepo. "Mwana wanga, tidikira mpaka liti? Inenso ndikufuna poti ndizikalirapo achimwene." Ndinawauza kuti ndidzawaimbiranso. Sakulakwatu azakhaliwa. Kudikira kumatopetsa.

Koma taonani mmene timafulumirira kuika anthu m'magulu. Uyu mtchona, uyu anatayika, uyu tisamuwerengerenso. Ife tili kuno ku Glasgow, ndi angati amene kumudzi anatilemba kale kuti tinatha, chifukwa foni yakhala chete zaka ziwiri? Nanga ife, mnzathu akasiya kubwera kutchalitchi, timagogoda kangati pakhomo pake tisananene kuti ameneyo basi?

Anthu ophunzira, a mabuku akuluakulu, akudikirabe mbalame. Agogo sanapite kusukulu, koma ankadziwa zomwezo.

Lachitatu m'mawa, ndili m'basi, ndinawaimbira azakhali.

"Chiliza cha agogo timange, chikhale chokongola. Pansi pa dzina lawo musiye malo. Koma dzina la bambo musalembe kaye."

Azakhali anati, "Mutu umenewo ndi wa agogo ako."

Inde. Ndi umene sunametedwe uja.