Kompyuta Yosunga Mawu M'tsaya

Malemu mkazi wanga anali ndi lamulo lake loonjezera pa khumi aja a Mose: bingu likagunda paphiri, zula chilichonse chimene chili m'soketi. Wailesi, chaja, ayironi, zonse. Mwini wake anapita, koma lamulolo linatsalira m'manja mwanga.

Mawu ake anatsala malo amodzi okha, m'kompyuta yakale ya mng'ono wake amene ali ndi kashopu pa Muloza koikira anthu nyimbo m'mafulashi. Anamujambula akuimba ndi amayi a mpingo. Tsiku lina mlamu wangayo anandiimbira foni.

"Alamu, kompyuta ija ndagulitsa kwa munthu wa ku Milange. Mawa adzaitenga, ndipo akafufuta zonse. Bwerani mudzatenge akazi anu."

Ndinagula fulashi, n'kukwera kabaza. Mlamu anailowetsa m'kompyutamo, kamzere kobiriwira kanathamanga, makinawo n'kulemba kuti zatheka. Iye anatembenukira kwa kasitomala wina. Pomwepo bingu linagunda. Dzanja langa silinafunse munthu. Ndinazula fulashi ija, n'kuiponya m'thumba, ulendo wa kunyumba mvula ili m'khosi.

Kunyumba ndinailowetsa m'wailesi. Zii. Ndinadikira monga timadikirira mlaliki amene wataya vesi, koma mkazi wanga sanaimbe. Munthu amene sanakhalepo chete moyo wake wonse!

M'mawa nditabwerera kushopu ndinapeza wogula uja atafika kale, njinga ili pakhomo, mphira womangira katundu ali m'manja.

"Munazula liti?" anafunsa mlamu.

"Itanena kuti zatheka."

"Ndiye inu munakhulupirira? Alamu, chikhulupiriro chanucho muzichisiya kutchalitchi."

Anandifotokozera kuti kompyuta ikapatsidwa zinthu zoti iike mufulashi, siziika nthawi yomweyo. Imayamba yazisunga m'tsaya ngati pusi wakuba chimanga, n'kunena kuti yamaliza, kenako n'kumazilemba pang'onopang'ono ikapeza mpata. Iye mwini ndiye anaitchera choncho, chifukwa makasitomala ake amakonda kuona kamzere kakuthamanga. Usanazule umayenera kuiuza kuti ilavule zonse, ndipo iye amachita zimenezo yekha. Sanaganize kuti pashopu pabwera mkulu wa mpingo woopa bingu.

Mumtima ndinati makina amenewa ndawazindikira. Ndakhala nawo m'komiti ya zomangamanga. "Tamva, tazilemba, zatheka." Denga likudonthabe mpaka lero.

"Mayi, vamos, fulumirani," anatero wa ku Milange, akuloza dzuwa.

"Amigo, khalani pabenchipo. Muno muli achemwali anga, ayambe atuluka."

Mlamu anatsegula penapake m'kompyutamo, nandionetsa njira ziwiri: yothamanga ija, ndi ina yoti makinawo asanene kuti amaliza asanalembedi mufulashi. Anasankha yachiwiriyo.

"Iyi ndi ya achikulire ngati inu. Imachedwa, koma sinama."

Kuchedwa kwake! Kamzere kaja kanayenda ngati mzere wa odwala kuchipatala. Wogula anadzuka, anakhalanso pansi, anakagula chinanazi, anadya, anabwerera. Kenako kuphiri kunayamba kuda, ndipo kunamveka kugunda chapatali. Zala zanga zinayamba kuyabwa.

"Manja m'thumba, alamu!" anakuwa mlamu. "Mukangokhudza, ndikusamukira kwanu, mudzaona ngati achemwali anga anali olongolola."

Ndinakhalira manja anga onse awiri. Ndinapempheranso, ngakhale sindikudziwa ngati kumwamba kuli ofesi yoona za mafulashi.

Itamaliza, mlamu sanalole kuti kompyuta ituluke. Anayamba walowetsa fulashiyo m'sipika ya pashopu. Amayi a mpingo anayamba nyimbo, ndipo pamwamba pa onse panamveka mkazi wanga, atatsogola pang'ono monga mwa nthawi zonse, ngati akuthamangira kukapeza malo abwino kwa Mulungu. Mlamu anapukuta maso ndi chitenje, n'kukalipira wogula uja kuti akumanga katundu mopotoka.

Masiku ano bingu likagunda ndimazulabe zonse, lamulo ndi lamulo. Koma wailesi ndimayamba ndaidikira, amalize kaye vesi.