Bokosi Limene Ndinasankha Nditamangidwa M'maso

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu, tikukhala ku Malota mu Livingstone. Nthawi imeneyo anyamata opalasa mabwato a mphira, amene ankayendetsa alendo pa mafunde a Zambezi, ankabwera ku komboni ndi makaseti amene azungu ankawasiyira. M'makaseti amenewo ndi mmene tinamvera koyamba nyimbo za hevi meto. Amayi ankati ndi phokoso la chigayo choti lamba waduka. Ife tinazikonda kwambiri mpaka tinayambitsa bandi yathu.

Mtsogoleri wa bandiyo anali Mubita, woimba ng'oma, mnyamata wosabisa mawu. Ine ndinkaimba gitala, imene ndinkailumikiza ku wailesi yakale ya bambo. Mubita akangoyamba kugunda ng'oma, ine ndinkasoweratu. Zala zinkayenda koma palibe ankandimva. Tsiku lina anaponya timitengo take pansi.

"Lameki, gitala yako ilila monga udzudzu," anatero. "Pa Satade ubwele na saundi ya zoona. Ngati iyayi, tizatenga Given."

Given anali ndi gitala yofiira ndi ampu, makina okuza mawu a gitala, yogula m'sitolo, koma kuchuna gitalayo sankadziwa. Zinandiwawa kwambiri, chifukwa bandi ija ndi chinthu chokha chimene ndinali nacho chonditchulitsa dzina pa komboni.

Ndinathamangira kwa amalume anga a Gelesomu. Iwo anaimbapo gitala m'mabandi a ku migodi ali mnyamata, ndipo anabwerako ndi katundu mmodzi yekha: ampu yolemera ya magalasi m'kati, amene ankayaka ngati makala ikatentha. Ankaisunga kunsi kwa bedi, atayifunditsa bulangete. Ampu yotere payokha ilibe mawu, imafuna bokosi la masipika, ndipo lawo anagulitsa kalekale. Amalume ankadziwika kuti ndi munthu wovuta. Ankalankhula mokuwa, ankakuyang'ana pakamwa ukamalankhula, ndipo ukawapatsa moni uli kumbuyo kwawo sankayankha. Ife tinkati ndi matama a anthu oimba.

Anandiyang'ana pakamwa mpaka ndinamaliza kudandaula.

"Ampu nizakupasa," anatero. "Koma bokosi uzasankha weka. Ukasankha yoipa, ni yako."

M'mawa mwake tinamangirira ampu pa njinga yawo ndi malegeni, ine gitala kumsana, n'kuyamba kukankha kupita m'tauni. Kuseri kwa masitolo a mu msewu wa Mosi-oa-Tunya kunali mayi wina, ba Mutinta, amene ankagulitsa katundu wakale: mafiriji akufa, mipando ya m'mahotela, makina osokera. Amalume anagwirizana nawo zosinthana njinga ija ndi bokosi limodzi. Ndinadabwa, chifukwa njingayo ndi imene ankayendera popita kukagula makala ku Simonga.

"Muganize bwino," anatero ba Mutinta. "Chikachoka pano sichibwela."

Mabokosi anali atatu. Loyamba linali la disiko, lalitali kufika pachifuwa panga, la zitsulo zonyezimira m'makona ndi kalipenga pamwamba. Mtima wanga unali utapita kale kwa limenelo. Ndinkaona Mubita akutsegula pakamwa. Lachiwiri linali lopepuka, losatseka kumbuyo. Lachitatu linali lotseka mbali zonse, la masipika anayi, nsalu yakutsogolo yong'ambika, ndipo titalisuntha munatuluka mphemvu.

Amalume anagwada kumbuyo kwa bokosi lililonse n'kuona nambala yolembedwa pamene pamalowa waya, chifukwa ikasiyana ndi ya pa ampu, ampu imapsa. Kenaka anabwereka chitenje kwa ba Mutinta, n'kundimanga nacho m'maso, n'kunditembenuza kuti ndiyang'ane kukhoma.

"Maso ni akawalala," anakuwa m'khutu mwanga. "Umu ni mwamene tinali kusankhila. Menya pa waya ikulu, uigwile na kwanja."

Ndinapondereza nsambo yaikulu ndi chikhatho n'kuyamba kukhwatcha, monga mmene nyimbo zathu zimafunira. Bokosi loyamba limene analumikiza linalira bwino ndithu, koma mawu ake ankangomwazika, osafika pathupi. Ndinamva amalume akuzimitsa ampu, akusintha waya, akuyatsanso. Nditangokhudza nsambo, kunamveka kulira kosongoka, kolasa m'mano, kosalekeza. Sindinathe kupirira. Ndinavula chitenje n'kutembenuka.

Ba Mutinta anali atatseka makutu ndi manja onse. Galu amene anagona pakhomo anali akuthawa. Koma amalume anali atawerama, mutu wawo uli pafupi ndi kalipenga ka bokosi la disiko lija, akukonza waya mwachifatse, nkhope ili phee. Anadzuka pokhapokha ataona ba Mutinta akuwakodola. Anayang'ana mayiwo, n'kuyang'ana ine, ndipo anadziwa kuti ndaona.

Anazimitsa ampu. Ndinazindikira kuti amalume sankamva. Zonse zinandibwerera: moni wosayankhidwa uja, kuyang'ana pakamwa kuja, ndi njinga imene ankaitaya chifukwa malole a pa msewu waukulu sankawamvanso akamaimba hutala. Ndinachita manyazi ngati ndawapeza akusamba.

"Manje waona," anatero, koyamba osakuwa. "Matu yanga yanasalila ku siteji. So osaniyangana ine. Palibe wamene azakuuza ati wasankha bwino."

Apa m'pamene mantha anandigwira. Njira yonse ndinkaganiza kuti amalume akulidziwa kale bokosi labwino, akungondiyesa, ndipo ndikalakwa andikonza. Tsopano njinga inali itapita, Loweruka likubwera, ndipo makutu amene analipo anali anga okha. Ndinadzimanga ndekha chitenje chija, ngakhale ndinkadziwa kuti latsala ndi la mphemvu.

Analumikiza. Ndinakhwatcha nsambo yaikulu, ndipo mawu anandigunda kumsana. Ndikasiya, nalo linkasiya pomwepo, osakokera. Ndikathamangitsa dzanja, kugunda kulikonse kunkamveka pakokha. Mawu ake apamwamba sankawala ngati a la disiko, ndipo zimenezo zinandidetsa nkhawa, chifukwa Mubita ankakonda zinthu zowala. Ndinapempha kuti tibwereze la disiko titalichepetsa. Kulira kuja kunatha, koma gitala inkangoti thethethe ngati nsomba mu mafuta. Ndinavula chitenje n'kuloza lachitatu.

"Ili?" anafunsa ba Mutinta, akuseka. "Mwana iwe, njinga yonse pa nyumba ya mphemvu?"

Amalume sananene kuti ndakhoza kapena ndalakwa. Anangoika chikhatho pamwamba pa bokosilo n'kundikodola kuti ndiimbenso. Ndinaimba. Anatseka maso, ndipo ndinaona phazi lawo likugunda pansi mogwirizana ndi dzanja langa.

Tinalikweza pamodzi ndi ampu pa wilibala yobwereka mpaka ku Malota, thukuta lili kamukamu. Loweruka masana Mubita ataliona anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo Given anali ataima pawindo ndi gitala yake yofiira m'chikwama. Tisanayambe, amalume anandikokera pambali n'kundipatsa thonje loti nditseke m'makutu. Analikhotetsanso bokosilo kuti lisayang'ane mutu wanga. Kenaka anakwera n'kukhala pamwamba pake, miyendo ili lendelende.

Mubita anawerenga ndi timitengo, tinayamba kuimba. Koyamba chiyambire bandi, ng'oma sizinandimize. Malata ankanjenjemera, fumbi likutsika kudenga, ndipo amayi ena oyandikana nafe anabwera kudzatikalipira kuti mwana wadzuka. Titamaliza nyimbo, Mubita anapukuta nkhope ndi malaya n'kungoti, "Futi," kutanthauza kuti tiibwereze. Nditayang'ana pawindo, Given anali atapita.

Bandi ija siinapite patali. Anyamata anamwazikana, wina ku Lusaka, wina ku mabwato. Amalume anamwalira zaka za m'ma 1990 zisanathe, koma mpaka pamenepo sanaphonyepo tsiku lathu lokonzekera, ndipo malo awo anali omwewo, pamwamba pa bokosi. Lero ndimagwira ntchito yokonza zokuzira mawu m'maukwati ndi m'matchalitchi. Achinyamata akandifunsa bokosi loyenera hevi meto, ndimawauza kuti likhale lotseka kumbuyo, lolemera, lopanda kalipenga, nambala yake ifanane ndi ya ampu, ndipo alisankhe atalipatsa msana. Ndimawapatsanso thonje, ngakhale ambiri amangoliika m'thumba.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti amalume anataya njinga yawo kuti ine ndisachotsedwe mu bandi. N'zoona, koma si zokhazo. Munthu amene anaimba gitala unyamata wake wonse anali atakhala zaka akungoona ena akusuntha zala. Anali ndi ampu, analibe makutu. Ine ndinali ndi makutu, ndinalibe ampu. Tsopano ndikumvetsa chifukwa chake sanandiuze kuti ndakhoza. Sakanatha kudziwa mmene bokosi lija linkamvekera. Chimene anadziwa n'chakuti atakhala pamwamba pake, gitala inawafikanso kudzera m'mafupa.