Foni Yodula Yokha pa Tsiku la Lole

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mawu, osati satifiketi. Ku tchalitchi kwathu ku Kapelula ndine ndinkawerenga zolengeza. Lamulungu lina kunabwera mlendo, a Gondwe a ku Kaluluma, manijala wa ofesi ya bungwe la alimi a fodya ku Mtunthama. Titatuluka anandikoka dzanja. "Iwe umalankhula momveka. Kompyuta umaidziwa?" Ndinati pang'ono. Pang'ono pakepo kanali kuyatsa ndi kuzimitsa basi, koma ndani angakane ntchito ali pa chikamwini?

Nthawi imeneyo ndinali nditangokwatira Esinati, ndikukhala kwawo. Apongozi aamuna anatisiya kale, choncho munda, chigafa choumitsira fodya ndi jeke yopanira mabelo zinali m'manja mwa apongozi aakazi, a Nankhoma. Ine ndi iwowo tinkathawana monga mwa mwambo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukira kutchire, ine kutsidya linalo, nthawi zina mpaka kuponda chisoso. Sitinalankhulanepo ngakhale moni. Akafuna kuti ndikamange mindindi ya fodya ankauza Esinati, Esinati n'kundiuza ine. Mawu awo ndinkangowamvera patali, kuseri kwa mpanda, akuitana nkhuku.

Sabata yanga yoyamba ku ofesi inakumana ndi kubwera kwa mafoni atsopano. Anadzawaika ndi a Twaibu, mmisiri wochokera ku Mangochi, munthu wosafulumira pa chilichonse. A Gondwe anandipereka kwa iwo kuti ndiphunzire, poti akapita woyang'anira mafoniwo ndidzakhala ine. A Twaibu anakhomera pakhoma bokosi lotuwa, nalowetsamo masimukhadi awiri. Kuchokera m'bokosimo tinayendetsa mawaya anayi m'mphepete mwa denga mpaka pa matebulo anayi. Tebulo lililonse linali ndi nambala yake ya mkati, imene iwo ankaitcha ekisitenshoni: yanga, ya mayi Zimba a zamtengatenga, ya ogulitsa mbewu ndi feteleza, ndi ya a manijala. Anandiphunzitsa kusenda waya osadula timitsempha ta mkati, kusanja mitundu yake, kupana kamutu ndi chopanira, kenako kuyesa ndi tesita. Magetsi a tesita akayaka onse motsatana, waya ali bwino. Padenga tinaimika mlongoti wa netiweki, pansi pa bokosi batire ya sola kuti magetsi akathima mafoni asafe.

Zinandivuta, sindinama. Kusamutsa foni unayenera kudina batani lodikiritsa, woimbayo azimva kanyimbo, kenako nambala ya mkati, kenako kuika chomvera pansi. Ine ndinkayamba ndi kuika pansi. Tsiku lina ndinatumiza mlimi wofuna feteleza kwa a manijala katatu konse, mpaka anatulukira pakhomo: "Yayi, Mwale, yayi! Ine ndagulitsapo feteleza?"

Chomaliza chinali moni wa bokosilo. Munthu akaimba, bokosi limayankha lokha ndi mawu ojambulidwa, n'kumuuza batani loti adine. A Gondwe sanafunse n'komwe. "Za mawu ndi za Mwale." Ndinakhosomola, ndinaima njo ngati ndili kutsogolo kwa mpingo, ndipo ndinajambula: "Takulandirani. Muli bwanji? Ngati mukufuna lole ya mabelo, dinani wani. Mbewu ndi feteleza, dinani thuu. A manijala, dinani filii. Kuti mulankhule ndi kalaliki, dinani ziro." Ndinanyadira zedi. Madzulo ake ndinaimbira ofesi ndi foni yanga kuti ndidzimvere ndekha.

Masiku oyamba madala ena ankayankha moniwo. Bokosi likati muli bwanji, iwo ankayamba kufotokoza za mwendo wotupa ndi za kunyumba, mpaka foni n'kugwera pa tebulo langa, poti munthu akapanda kudina kalikonse inkabwera kwa ine. Tinkaseka. Palibe amene anaganiza mopitirira apo.

Kenako inafika nyengo ya msika. Chaka chapitacho atcheya a makalabu a alimi ndiwo ankalembetsa malo pa lole, ndipo panabuka madandaulo akuti ankaika abale awo patsogolo. Ndiye a Gondwe anakhazikitsa lamulo: mlimi aliyense aziimba yekha ndi foni yake pa tsiku loikidwa, lole ikadzaza basi. Mbali ya kwathu inapatsidwa Lachisanu. Wotsala adikire ulendo wina, ndipo palibe ankadziwa kuti udzakhala liti.

Esinati anali woyembekezera, ali ku chidikiro ku chipatala cha ku Mtunthama komweko. Ndinakamuona Lachinayi pa nthawi ya nkhomaliro. "Amayi agula kafoni, aimba mawa," anatero. "Chigafa chija chikudontha, ndipo kamvula ka m'nyengo yozizira aka kayamba. Mabelo akatsala achita chuku. Muonetsetse, bambo." Ndinamuuza kuti asadere nkhawa, mafoni onse a pa ofesi ali m'manja mwa mwamuna wake. Nambala ya kafoniko sindinafunse. Mkamwini asunge nambala ya apongozi kuti achite nayo chiyani? Foni ya m'banja mwathu inali imodzi, ndipo inali m'thumba mwanga.

Lachisanu mafoni anayamba kulira tisanasese n'komwe. Pa foni ya tebulo langa panali kagalasi koonetsa nambala ya woimba, ndi kagetsi kofiira kamene kankayaka bokosi likamapereka moni. Munthu akadina wani, kagetsiko kankasanduka kobiriwira, foni ya mayi Zimba n'kulira. Zonse zinkayenda. Koma panali nambala imodzi yachilendo. Ikalowa, kagetsi kayaka, moni usanafike pakati, thi, kazima. Pakapita kanthawi, yomweyo. Kayaka, kazima.

Poyamba ndinati ndi netiweki ya kumene aliko. Itabwereza kangapo, ndinayamba kukayikira. Nanga ngati bokosi likudula anthu? Ndinapita kwa mayi Zimba.

"Mayi, a Nankhoma a ku Kapelula aimba?"

"Sanaimbe. Malo akutha, mwana wanga."

"Simungangowalemba?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ukufuna a Gondwe atithamangitse tonse awiri? Lamulo lija analiikira zomwezo."

Ndinabwerera kukalimbana ndi nambala yodula ija. M'mutu mwanga zinthu ziwirizi sizinakumane ngakhale pang'ono. Apa ndikudikira apongozi, apa ndikusaka vuto la makina. Ndinasolola waya wa foni yanga n'kuuyesa ndi tesita, magetsi onse anayaka. Ndinapana kamutu katsopano ngakhale kakale kanalibe mlandu. Ndinakwera pampando kuona batire, inali yodzaza. Ndinabwereka makwerero kwa mlonda n'kukatembenuza mlongoti padenga, kamvula kakundiwaza kumaso. Nditatsika, nambala ija, kayaka, kazima. Koma abale!

Ndinaganiza zoimbira nambalayo ndi foni ya ofesi. Inalira, wina anayankha. Ndinamva mpweya chabe, ndi tambala akulira chapatali. Ndinati, "Halo, kuno ndi ku ofesi ya alimi, ndine Mwale." Thi! Yaduka. Ndinayesanso, sanayankhe. Apo ndiye ndinasokonezeka kotheratu. Foni yolowa ikuduka, yotuluka ikudukanso, koma kwa munthu mmodzi yekha.

Ndinaimbira a Twaibu. Anamvetsera modekha monga mwa masiku onse.

"Ena akulowa bwino?"

"Akulowa."

"Ndiye bokosi lilibe vuto, achimwene. Bokosi silisankha munthu."

"Nanga chikudula n'chiyani?"

"Chala," anatero. "Pali chala chikudina batani lofiira."

Sindinawakhulupirire. Munthu angaononge mayunitsi ake m'mawa wonse kuimba n'kumadula yekha? Ndinazimitsa bokosi lonse kuti liyambirenso, ndipo ndinadula mlimi amene ankalankhula ndi a manijala. A Gondwe anatuluka maso ali psu. "Mwale, chotsa manja ako pa bokosi ilo! Ukaligwiranso lero, ubwerere ku mindindi." Ndinakhala pansi. Nambala ija inasiya kuimba. Ndinati mwina ndakonza.

Dzuwa litapendeka, mayi Zimba anatseka buku lawo. Lole yadzaza. Dzina la apongozi munalibe m'bukumo. Mumtima ndinawakwiyira apongozi, ndivomere. Ndinkati, munthu wauzidwa tsiku, wagula ndi foni yomwe, osaimba bwanji? Esinati ndikamuuza chiyani?

Posakhalitsa mlonda anasuzumira pakhomo. "Panja pali mayi atsika pa kabaza. Akuti salowa. Akufuna munthu wamkazi." Mayi Zimba anatuluka. Ine ndinasuzumira pa windo, ndipo ndinaona msana wa munthu ataima pansi pa mtengo wa mango, nkhope ataloza kumsewu. Chitenje chawo ndinkachidziwa, chinali cha apongozi, ndinali nditachithawa kambirimbiri panjira ya kudimba. Miyendo inaganiza yokha. Ndinapezeka ndanyonyomala kuseri kwa tebulo, pakati pa mawaya amene ndinali nditawavutitsa tsiku lonse.

Windo linali lotsegula, ndipo kanali koyamba kumva mawu awo pafupi chotero.

"Ndaimba kuyambira m'mawa, amayi. Koma nthawi zonse akuyankha ndi akamwini anga. Akuti muli bwanji. Ine ndiwayankhe bwanji? Ndimati mwina atuluka, ayankha wina. Ndikaimbanso, iwo omwewo. Kenako andiimbira okha! Ndinachita kuponya foni pamphasa."

"Si iwowo, mayi," anatero mayi Zimba. "Ndi mawu chabe, anawajambula m'makina."

"Mawu ndi a ndani?"

"Ndi awo."

"Ndiye basi."

Apo ndiye ndinazindikira. Nambala yodula ija inali ya apongozi. A Twaibu ananena zoona, chinali chala. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadya phula ndi tesita m'manja.

A Gondwe atamva nkhaniyo anayamba kuseka, koma kusekako kunathera panjira. Anakanda m'mutu. Kwawonso ku Kaluluma mtengwa sayang'anizana ndi apongozi aamuna, ndiye sanafune kufotokozeredwa zambiri. Mayi Zimba anawapempha kuti apeze kamalo. "Ndichotse ndani?" anafunsa. "Onse aja aimba okha. Ndikachotsa mmodzi kuti ndiike apongozi a kalaliki wanga, mawa ofesi ino aiotcha." Sindikanawatsutsa. Chimene analola n'choti mabelowo adzasungidwe m'chipinda cha katundu cha pa ofesi, pouma, mpaka ulendo wina.

Loweruka ndinabwereka ngolo. Apongozi anachoka pakhomo ndisanafike kuti ndigwire ntchito momasuka. Mabelo a mbali yodontha anali atakoka kale chinyezi, ndipo pofika tsiku la lole ina, ena mwa iwo anali ndi chuku mkati. Ku okushoni anawabweza. Fodya amene mayi wamasiye anamusamala kuyambira ku nazale, ine ndemwe nditathandiza kusankha tsamba ndi tsamba, anabwerera kudzakhala manyowa.

Sananditukwane. Akananditukwana bwanji? Tinapitiriza kupatukirana panjira monga kale, iwo uku ine uko. Kunena zoona ndikanakonda akanandilalatira pagulu, chifukwa chete ameneyo ankandiwawa kuposa mawu. Ngakhale pepani wanga anadzera mwa Esinati.

Lolemba lotsatira Lachisanu la lole lija a Gondwe analamula kuti moni ujambulidwenso. Anati mayi Zimba ajambule. "Ine ndilibe akamwini?" anatero mayiwo. "Ana anga aakazi atatu anakwatiwa kuno konkuno." Wa feteleza naye anakwatira ku Kapelula. Mlonda anati iyeyo ndiye ali ndi apongozi midzi iwiri. Tinayang'anizana. Mapeto ake tinadikira a Twaibu, munthu wopanda mpongozi m'boma lonse la Kasungu. Mpaka pamene ndinkachoka pa ofesipo, alimi ankalandiridwa ndi Chichewa cha ku Mangochi, ndipo muli bwanji uja tinamuchotsamo. Tinasinthanso kuti munthu akapanda kudina kanthu, foni izilira pa matebulo awiri, langa ndi la mayi Zimba.

Lero ndimaika ndekha mafoni a m'maofesi, m'maesiteti ndi m'masukulu. Ndisanajambule moni ndimafunsa kuti oimba ndi ndani, ndipo mwini mawu ndi ndani wawo. Anyamata amene ndimayenda nawo amaseka, amati bwana amafunsa za maukwati m'malo mofunsa za mawaya. Asekeni. Waya amayesedwa ndi tesita, koma munthu ali kumapeto kwa wayayo umachita kufunsa.

Chaka cha lole chomwecho, Esinati anabereka mwana wamkazi, Tadala. Mwana atatuluka m'chikuta, amalume ake a Esinati anakonza mwambo woti ine ndi apongozi tiyambe kulankhulana. Ndinapereka nkhuku, iwo analandira, koma tsikulo aliyense anangoyang'ana pansi. Manyazi a nthawi yaitali sachoka ndi nkhuku imodzi.

Patapita masiku, ndili pa tebulo langa, kagetsi kofiira kanayaka. Nambala ija. Tsopano ndinkaidziwa pamtima. Ndinadikira kuti kazime. Sikanazime. Anamvetsera a Twaibu mpaka kumapeto, n'kudina ziro. Foni yanga inalira.

"Halo," ndinatero, mawu a zolengeza aja atathawa.

Tambala yemwe uja analira chapatali.

"Ndi inu eni ake, kapena ndi makina aja?"

"Ndine ndemwe, amayi."

"Chabwino. Mwaswera bwanji, abambo a Tadala?"