Che Amidu ndi zingwe za nsapato

Abale anga a m'Joni muno, sabata ino musayembekeze nthabwala kwa ine. Ndakhumudwa, ndipo chondikhumudwitsa ndi mpira.

Loweruka lapitali ndinali ku bwalo la koleji ina ya aphunzitsi kufupi ndi Soweto. Anandikokera kumeneko ndi Che Amidu, mkulu wakwathu ku Machinga, amene amasamala maluwa ndi kapinga panyumba ya mzungu ku Randburg. Anabwera kuno wapansi ine ndisanamere ndevu, ndipo mapepala awo ndi amtundu uja tonse tikuudziwa, uja sitionetsa wapolisi dzuwa likuswa mtengo.

Che Amidu ali ndi mwana mmodzi yekha. Iwo anamutcha Yusufu, koma ku koleji dzina limenelo kulibe. Kumeneko ndi Vusi Nkosi, dzina lakuchikazi, poti mayi ake ndi Mzulu wa ku Soweto. Vusi amagona ku koleji komweko, ndipo kukachipinda ka Che Amidu kuseri kwa nyumba ya mzungu salola alendo. Ndiye malo okhawo amene bamboyu amamuona mwana wake mpaka maso kukhuta ndi pabwalo la mpira, Loweruka masana.

Timu ya kolejiyi, imene Vusi amasewerera, inayamba chaka moipa zedi. Aliyense ankangoikwapula. Goloboyi wawo manja ngati wangochoka kudya therere, mpira uliwonse pululu mu ukonde. Kenaka kunabwera zionetsero, makalasi anatsekedwa, osewera ena anakagona kupolisi, mahipo aja, zimagalimoto zankhondo za apolisi, n'kumaima pageti la koleji. Anthu anati basi, chaka chino chapita.

Koma kutayamba kuzizira, kapinga atauma gwa, kochi anamuchotsa Vusi kumbuyo n'kumuika pakati. Eee, zinthu zinatembenuka! Mnyamata uja akaugwira mpira amayamba wadzutsa mutu n'kuona bwalo lonse, kenaka amaupereka pamwendo pa mnzake ngati wachita kuunyamula m'manja. Anayamba kupambana kwawo ndi koyenda komwe, mpaka anafika mu ndime yomaliza ya chikho cha makoleji. Ndiwo mpira wa Loweruka lapitali.

Chaka chonsechi Che Amidu sanajombepo. Basi kuchoka ku Randburg mpaka m'tauni, sitima mpaka ku Soweto, mphepo kaya fumbi iwo ali pomwepo. Koma titafika pabwalo ndinadabwa. Sanapite kumene kunali ochemerera timu ya mwana wawo. Anandikokera kumbali ya adani, chipewa n'kuchitsitsira pamaso.

"Nanga kuno bwanji, Che Amidu?" ndinafunsa. "Anthu athu si awo akuimba uko?"

"Tsitsani mawu, achimwene," anatero monong'ona. "Kwa eni kulibe mkuwe. Ine ndikatsegula pakamwa, Chizulu changa chimamveka Machinga yekhayekha. Akangodziwa kuti bambo wa Vusi ndi Mnyasa, mawa afunsa mapepala. Akafunsa anga afunsanso ake. Sukulu yathera pomwepo."

Anandiuza kuti mwanayo anamuphunzitsa ali wamng'ono, akungoyamba kumene sukulu. Pagulu ine si bambo ako. Ukandiona pamsewu, pitirira. Wina akakufunsa, uziti sundidziwa. Ankamubwerezetsa mawuwo mpaka analowa m'mutu.

"Nanga akagoletsa mumatani?" ndinafunsa. "Mumameza chimwemwecho?"

"Ndimamanga zingwe za nsapato," anatero. "Nkhope ya munthu ndi kazitape. Ndikawerama ndimasekera pansi, palibe akundiona."

Ndinaseka. Ndikanadziwa sindikanaseka.

Chigawo choyamba chinatha opanda chigoli. Chachiwiri chitangoyamba, Vusi analanda mpira pakati, anadutsa awiri, n'kuumenya ali kutali. Goloboyi wa adani anangoumvera kumbuyo. Tsidya linalo kunali chiphokoso, atsikana akuvina, fumbi koboo. Kumbali yathu kunali zii ngati pamaliro, ndipo pakati pa anthu okwiyawo panali mkulu mmodzi atawerama, akumanga zingwe zomanga kale, mapewa akugwedezeka.

"Zamasukanso, Che Amidu?" ndinawanong'oneza.

"Nsapato za masiku ano, achimwene," anayankha ali chiweramire.

Paja akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Sipanapite nthawi, chimnyamata china cha adani chotchinga kumbuyo chinamulowa Vusi ndi miyendo yonse iwiri. Tinamva thyo! ngati nkhuni youma. Bwalo lonse linamva. Vusi anagwa ndipo sanagubuduke monga amachitira onamizira. Anangogona, mwendo utaloza kumene suyenera kuloza.

Sindinaone m'mene Che Amidu analumphira chingwe chotchinga bwalo. Ndinangoona chipewa chili pansi, iwo ali kale pakati pa bwalo, akuthamanga ndi kukuwa m'Chichewa chenicheni, chopanda kubisa.

"Mwana wanga! Yusufu! Mayo ine, mwana wanga!"

Anagwada n'kunyamula mutu wa mnyamatayo kuuika pamiyendo pawo. Osewera anadabwa. Apolisi awiri amene anali cha pagolo anayamba kuyandikira pang'onopang'ono. Kochi anawagwira Che Amidu pajekete, n'kumufunsa Vusi: "Ubani lo madala?" Ndiye kuti, ndani mkuluyu?

Ine ndinali nditafika pafupi, ndipo ndinamva ndi makutu angawa. Vusi thukuta lili kamukamu, mano atakukuta, anayang'ana bambo ake. Anayang'ananso apolisi aja. Kenaka anati: "Angimazi."

Sindikuwadziwa.

Anawakankhira kunja kwa bwalo ngati munthu wosokoneza. Wina anati ndi chidakwa. Msilamu amene sanalawepo mowa chibadwire, kutchedwa chidakwa pamaso pa mwana wake! Vusi anamunyamulira m'galimoto ya kochi kupita kuchipatala, pambali pake pali mnzake wa m'timu. Bambo ake anatsala akutola chipewa m'fumbi.

Za mpirawo ndinene chiyani? Anyamata aja mitima inali itachoka. Adani anabweza chigoli, n'kuonjezera china, chikho chinapita. Chaka chonse cha thukuta chinathera pamenepo, ndipo kumbali yawo kunalibe amene anaimbanso.

Tsono chimene chandisowetsa tulo si mwendo, kapena chikho. Ndi zimene Che Amidu ananena tikuyenda kupita ku siteshoni. Ine ndinali nditakonzeka kuwapepesa, kuti ana a masiku ano ndi otero. Iwo ananditsekereza.

"Mwamuona mwana wanga, achimwene? Ali ndi nzeru. Ululu wonse uja, koma sanaiwale zimene ndinamuphunzitsa. Wolakwa ndine. Ndinakuwa."

Mwamva? Bambo akupepesa chifukwa choitana mwana wake dzina. Akuyamikira mwana chifukwa chomukana bwino.

Musafulumire kuwaseka kapena kuwadzudzula, chifukwa khalidwe limeneli ndi lathu tonse. Pitani ku Joubert Park Lamlungu masana. Amalawi awiri akumana pakhomo la mafulati, akupatsana moni m'Chizulu chokhotakhota, aliyense akudziwa bwinobwino kuti mnzakeyo ndi wa ku Mangochi. Amadikira chitseko cha lifiti chitsekeke, ndiye muziwamva: "Muli bwanji, achimwene? Kumudzi akuti mvula bwanji?" Chitseko chikatseguka abwereranso ku "yebo". Alipo angati pakati pathu amene kuntchito ndi a Ndlovu, kutchalitchi ndi a Khumalo, dzina lenileni linatsala ku Mwanza pachipata?

Chaka chatha tinaika m'manda mkulu wina wolondera pafulati ina. Pamtanda analembapo dzina la Chizulu, poti ndi limene linali pa dompasi yake, chiphaso chija amatifunsa apolisi. Ana ake anaimirira pamanda osadziwa ngakhale mudzi wa bambo wawo. Ife odziwa tinali kumbuyo, manja kumsana, tili duu. Mwina kwawo mpaka lero akumudikira kuti abwera ndi njinga.

Sindikunena kuti mantha athu ndi opanda pake, ayi. Galimoto ya polisi ija tonse tinaionapo ikuima pakona, ndipo tikudziwa anzathu amene anatuluka kukagula buledi n'kukapezeka ali pamalire. Munthu wothawa moto sitimufunsa chifukwa chake wasiya nsapato. Dziko lino ndi louma mtima, ndipo lamulo lake linalembedwa ndi anthu osafuna kuti munthu wakuda akhale ndi banja pamalo amodzi.

Koma pali chinthu chimodzi chimene chikundiwawa. Kodi n'zoona kuti mwana wobadwira kuno, mayi ake a kuno, angachotsedwe sukulu chifukwa bambo ake ndi Mmalawi? Kaya lamulo limenelo lilipo kaya kulibe, ine sindikudziwa. Che Amidu nawonso sakudziwa. Palibe mmodzi wa ife amene analimba mtima kukafunsa, chifukwa kufunsako ndiye kudziulula. Timangouzana m'makona, wina anamva kwa wina, ndipo pa mphekesera imeneyo bambo wamanga moyo wonse wa mwana wake.

Ndipo taonani amene akugwira ntchitoyi tsopano. Apolisi aja sanatsegule pakamwa. Sanafunse pepala, sanagwire munthu. Anangoyandikira basi. Zotsalazo tinamaliza tokha, bambo ndi mwana, mwaulemu, monga tinaphunzitsirana kunyumba.

Timati chibale ndi fupa, sichiola. Chabwino. Koma Loweruka ndaona ndi maso anga kuti fupa limathyoka.

Lamlungu Che Amidu anapita kuchipatala ndi malalanje m'kapepala. Nesi pakhomo la wodi anawafunsa ngati ndi achibale. Iwo anati ayi, angotumidwa ndi mayi ake a mnyamatayo. Nesi analandira malalanje n'kuwauza kuti olowa ndi achibale okha. Anakhala pabenchi panja mpaka nthawi yoona odwala inatha, n'kubwerera ku Randburg. Uthenga anaumva kwa mayi a Vusi: mwendo upola, adzayenda, koma za mpira aiwale.

Ndiye ganizirani. Mpira ndiwo unali zenera lokhalo. Loweruka likubwerali bamboyu akwera basi kupita kuti? Chaka chamawa Vusi amaliza maphunziro, avala mkanjo, aitana dzina la Nkosi, anthu aimirira kuomba m'manja. Che Amidu adzakhala mbali iti? Pamwambo wotero palibe mbali ya adani yoti munthu akabisaleko.

Tsiku lina Vusi adzakwatira, adzabereka, ndipo mwana wake adzafunsa kuti agogo anali ndani. Yankho analiloweza kale ali wamng'ono, ndipo waonetsa kuti saliiwala ngakhale fupa litathyoka.

Ndibwerere ku Loweruka lija. Titafika pasiteshoni dzuwa linali litapendeka, kamphepo kozizira kakuulutsa mapepala papulatifomu. Anyamata a koleji yopambana anali chapatali ndi chikho chawo, akuimba. Che Amidu anawerama n'kugwira zingwe za nsapato.

Sitima inabwera. Anthu anakankhana kulowa. Ine ndinawagwira paphewa, ndati tiyeni, itisiya. Sanadzuke. Mapewa ankagwedezeka ngati masana aja, koma ulendo uno sindinawafunse ngati zamasuka. Sitima inapita, ife tinatsala, ndipo pansonga ya nsapato yakumanja panali patanyowa.

Abale anga, tikudzifafaniza kuti ana athu apulumuke. Ndikumva, ndipo sindikutsutsa. Koma ndiyankheni inu amene mwakhalitsa m'Joni muno: akadzapulumuka, adzakhala ana a yani?