Mtedza wa ku Murehwa

Bambo Yoramu, oyandikana nafe kuno ku Glen Norah, akhala akunamizira kwa zaka makumi atatu. Sindikunena bodza wamba ayi. Wabodza amangolankhula, koma wonamizira amachita kunyamula chikwama mpaka kutuluka thukuta.

Anabadwira mumzinda momwemuno, m'dziko la Ashona, bambo awo atachoka ku Dedza kudzagwira ntchito m'fakitale. Ali mnyamata anatopa ndi kusekedwa kuti ndi mlendo wopanda kwawo. Atayamba ntchito yowotcherera zitsulo anadzitcha Clemence, n'kudzipatsa mudzi ku Murehwa, kumidzi ya Ashona.

Khirisimasi iliyonse anzawo akamapita kumidzi, iwonso ankakwera kombi, minibasi ya kuno. Mwana wawo Paida ankamusiya, ati msewu ndi woipa. Ankatsikira mumzinda momwemuno ku Kuwadzana, kwa mlongo wawo, n'kubindikira masiku anayi osasuzumira ngakhale pawindo. Pobwerera ankadzera kumsika wa ku Mbare kugula mtedza. "Wakumunda kwathu uwu," ankatero pogawa. Ine ndinkadya nawo, koma zinkandinyansa.

Chaka chino Paida wapeza mwamuna, dzina lake Tatenda. Akuchimuna anatumiza mawu akuti malowolo akaperekedwe kumudzi, abale akuona. Bambo Yoramu mpando unawatentha. Kutuluka pageti, kubwerera, kutulukanso, tiyi kumusiya akuzizira. Anafika pondipempha kuti ndikhale malume wa ku Murehwa, ine wa Chishona chotsimphina! Ndinakana. Mantha awo anali akuti zikaululika ukwati utha, ndipo Paida sadzawayang'ananso kumaso.

Loweruka anamutenga Paida kupita kumanda a mumzinda, ine ndikuwaperekeza. Anaima pa mtumbira wa bambo awo.

"Mwanangu, ku Murehwa kulibe chathu. Mudzi wathu wonse ndi uwu."

Paida anagwada n'kuyamba kuzula udzu pamtumbirapo.

"Baba, ndinadziwa ndili Giredi 4. Mtedza wanu unkabwera wokulunga m'nyuzipepala ya mumzinda muno ya tsiku lomwelo. Tatenda ndinamuuza kalekale, ndipo dzulo anawauza akwawo. Abwera ku Glen Norah."

"Nanga osanena bwanji zaka zonsezi?"

"Munkabwera mukusangalala, baba. Ndinkangonamizira kusadziwa."

Bambo Yoramu anakhala pansi, pafumbi pomwepo. Ine chifundo chinandigwira, manyazinso, poti mtedza uja ndinkadya ndikuwaseka mumtima. Patapita kanthawi Paida anawafunsa dzina la agogo akewo, pakuti pamtumbirapo panalibe cholembedwa.