Dzina la Mdzukulu Wanga Ndinalivinira pa Geti

Ndinali ndi sizasi m'manja, ndikudula pepala lofiira, pamene foni inalira m'thumba la epuloni. Sizasi ya ana, ya zogwirira zachikasu, yobuntha yosadula ngakhale ulusi. Mawu a achimwene anachoka ku Balaka n'kudzandipeza ku Al Warqa, mu mzinda wa Dubai: "Achemwali, mwana wanu wachira. Ndi wamkazi."

Mayo ine, nthungululu! Ndinaluluta pabalaza, ndinaluluta pamasitepe, ndinaluluta mpaka abwana anatuluka pa miting'i yawo ya pa kompyuta, kumtunda shati ndi tayi, kumunsi kabudula. Mwana wanga mmodzi yekhayo wandipatsa mdzukulu! Ine amene, ine wotsuka mbale za eni, ndasanduka agogo!

Chinali chaka cha korona, ndege zitaima, misewu ya Dubai ili zii. Ndinkagwira ntchito pa banja la ku Korea, kulera kamtsikana kawo. Madamu ankati kwawo Meyi ndi mwezi wa banja, maluwa ali ponseponse, kamphepo kali yaziyazi. Kuno maluwa ake ati? Ukatsegula chitseko umangoti watsegula uvuni. Koma masiku a kwawo ankawasunga m'nyumba momwemo. Limenelo linali tsiku la ana. Kamtsikana sikanakalipiridwe ngakhale kamodzi, kanalandira njinga yopalasa m'kolido, ndipo tinadya mpunga wokulunga m'masamba akuda a m'nyanja. Pepala lofiira lija linali la maluwa a tsiku la makolo, limene linali pafupi, pamene ana amabayira duwa pamalaya a amayi ndi abambo. Anakatuma kamtsikanako ndi aphunzitsi ake a pa kompyuta.

Madamu anawomba m'manja. Anati wobadwa pa tsiku la ana ndi wamwayi. Anati pa tsiku la makolo itanani anzanu a mumsewu uno, adzaime pa geti, tisangalale. Anandiphikira msuzi wa ndere za m'nyanja, woterera ngati therere, umene kwawo amamwetsa mayi akachira. Ndinati wabereka si ine, Madamu. Anati mumwereni mwana wanu. Ndinamwa mbale yonse nditatsina mphuno. Kamtsikana kanasiya kunditchula anti, kanayamba halimoni, ndiye kuti agogo m'chinenero chawo. Halimoni uku, halimoni uko, tsiku lonse.

Mwana wanga ananditumizira mawu ake pa foni, otsika, otopa: "Amayi, watenga mphuno yanu." Mpaka lero ndimawamvera. Ndi afupi kwambiri, abale, ukangotchera khutu atha kale.

M'mawa wa tsiku la makolo, ndikukanda ufa wa mandasi, foni inaliranso. Achimwene sanapereke moni. "Achemwali, limbani mtima. Magazi sanaleke. Watisiya." Ndisanapume n'komwe anawonjezera: "Akuchimuna akuti khandali likhale Masiye."

Ndinakhala pansi pa matailosi, manja ali mbuu ndi ufa. Ndege kulibe. Maliro a mwana wanga ndidzawaonera pa foni ngati mpira. Koma chimene chinandidzutsa pansipo ndi dzinalo. Masiye! Kusukulu Masiye, kumjigo Masiye, pa ukwati wake Masiye. Aliyense womuitana azifukula manda a amake. Ndinati: "Achimwene, auzeni adikire. Mwana sitinamuvinire, asayambe ndi dzina la maliro. Foni yanu ikhale ndi moto madzulo ano." Anati achemwali, mutu uli bwino? Ndinati suli bwino, koma auzeni.

Kamtsikana kanatsika ndi maluwa ake a pepala. Kanabayira amake, kanabayira abambo ake, kakuweramitsa mutu monga kanaphunzitsidwira. Lotsalalo kanabwera nalo kwa ine. Phini inandilasa pang'ono. Duwa la makolo pachifuwa cha mayi amene mwana wake wagona m'nyumba ya chisoni! Madamu anandiyang'ana kumaso, anandikokera kukhitchini, ndinawauza. Anafuna kuimitsa zonse, akuti khalas, khalas, ndiye kuti basi m'Chiarabu. Ndinati ayi Madamu, yalla, tiyeni, mafuta atentha. Sanatsutse. Anavala epuloni, n'kumatembenuza mandasi ndi timitengo tawo todyera, misozi ikuthetheka m'mafuta.

Dzuwa litapendeka anzanga anabwera, masiki kukamwa, ataima motalikirana ngati mapando a chimanga. Sindinawauze kanthu. Ndinamanga chitenje m'chiuno, foni ndinapatsa abwana kuti agwire. M'menemo ndinaona achimwene pakhomo pathu, kumbuyo kwawo azimayi atakhala pansi pa siwa, ndi mlamu wanga atanyamula khanda m'shawelo. Ndinayambitsa nyimbo yanga, yopeka pomwepo: wabwera, wabwera, mlendo wopanda chikwama wabwera! Anzanga anavomera. Ndinayamba kuvina. Kumudzi kunali chete, chete weniweni, mpaka ndinati kapena netiweki yathawa. Kenako apongozi ake a mwana wanga, omwe aja a Masiye, anaika dzanja pakamwa n'kululuta, mawu akusweka.

Ndinakuwa pa foni: "Dzina lake Takondwa!"

Achimwene anapukuta kumaso ndi chipewa. "Tamva, achemwali. Takondwa."

Kamtsikana kankavina m'miyendo mwanga, kakuyesa kululuta, lilime likukana. Kanandikoka chitenje. "Halimoni, masiki yanu yanyowa bwanji?" Ndinati ndi thukuta, habibi, wokondedwa wanga. Kanathamangira kufiriji kukanditengera madzi ozizira, kakunyadira kuti kandithandiza. Kankadziwa kuti kwabadwa mwana, basi. Anthu okhala pansi aja m'foni kankaayesa alendo odikira mandasi, ndipo kanawabayibitsa.

Takondwa mdzukulu wanga, ukadzadziwa kuwerenga kuposa ine, udzawerenge wekha apa, udziwe amene anakuvinira pa geti. Mayi Nabanda a ku Dedza, olera ana nyumba yoyandikana. Mutinta wa ku Zambia, amene anasandutsa ndowa ng'oma. Marisel wa ku Philippines. Bambo Jere, alonda, mu yunifomu yawo. Imran dalaivala, amene anali pa kusala kwa Ramadani, mandasi osalawa koma m'manja akuwomba. Madamu Eun-ju, abwana Min-su, ndi kamtsikana kawo Ha-rin. Ndi ine agogo ako Esinati, amake a amayi ako Tadala.